Chikwama cha Amayi ndi Mafuta a Mang'ina

Zikomo pondipatsa mpata. Ayi, musandiombere m'manja kaye, mwina mukamva zimene ndinachita mubweza manja anuwo m'thumba.

Ena mukundiyang'ana ndi diso lakuti, "Mayi ameneyu tinamuonapo kuti?" Ndikuthandizeni. Munandiona pa Chonde, kuseri kwa bala, nditakhala pambali pa mphika wa mang'ina. Enanso munandiona nditagona m'ngalande dzuwa lili paliwombo, chitenje kwina ine kwina. Achimwene mwakhala kumbuyo uko mukubisa nkhope ndi chipewa, musabise, tinkamwera kapu imodzi ine ndi inu. Lero tonse tili muno, tasamba, tikumvana zolankhula. Ine zimenezi zikundisangalatsa kwabasi.

Dzina langa ndine Rozina, ngakhale kuti kwa zaka khumi dzinali linasowa, aliyense ankangoti Amake Supu. Ndabwera ndi chikwama ichi ndachiika patebulopa. Chioneni bwino mmene chikuwalira. Umboni wanga wonse uli m'menemu.

Chikwamachi chinali cha amayi anga. Abambo anabwera nacho kuchokera ku Halale, kumene ankagwira ntchito yophika, ine ndisanabadwe. Chikopa chenicheni, chofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, chotsekera chake chamkuwa. Amayi akachitseka m'tchalitchi chinkalira kuti tha! mpaka ogona pa ulaliki ankadzidzimuka. Ana awo tinali awiri, achemwali anga a Malita ndi ine wotsiriza. Asanamwalire anatiuza kuti, "Mwana wamkazi wa m'banja muno akamakwatiwa, mayi wake azinyamula chikwama changachi, kuti nanenso ndikhalepo." Achemwali anachinyamula kawiri pa maukwati a ana awo. Ukwati ukatha chinkabwerera m'bokosi lachitsulo, m'nyumba ya malemu amayi, mmene ndinkakhala ine.

Za kugwa kwanga sindichedwapo, msewu wake mukuudziwa nonse. Bambo a kunyumba atamwalira ndinatsala ndi mwana mmodzi, Tiyamike. Ndinayamba geni ya mang'ina kuti mwanayo aphunzire. Ndinkaphika bwino, ndisaname, anthu ankatsika minibasi kutsatira fungo. Koma malonda a mang'ina ali pa bala. Mwezi wa Juni, chiperoni chikuwaza, kasitomala wina akuti, "Amake Supu, kamodzi kokha, mutenthetse m'mimba." Mawa wina. Mkuja ndinagula ndekha. Chaka chisanathe ndinkayamba kumwa moto ndisanakoleze, mphika unkapserera ine ndikuimba. Mipando inapita, mbale zinapita, wailesi inapita. Achemwali anabwera kuchokera kuno ku Thuchila kudzamutenga Tiyamike ali Sitandade 6, ine ndinangoti, "Mutengeni, andichepetsere phokoso." Mawu amenewo ndinalankhula ndine, ndi pakamwa pomwe pano, ndipo mwana anamva.

Chinthu chimodzi chokha sindinagulitse, chikwama chija. Musaganize kuti unali ulemu ayi. Ndinkaopa kuti amayi azindibwerera kutulo.

Zaka zitatu zapitazo, mvula itangosiya mu Epulo, Tiyamike anafika pakhomo panga. Anali atakula, namwali wooneka bwino, telala wokhala ndi makina ake ake. Anagwada pakhomo ngati mlendo.

"Amayi, ndapeza banja. Ukwati uli kumapeto kwa Ogasiti."

Ine ndinayamba nthungululu, mutu ukugunda ndi matsire.

"Dikirani kaye, amayi. Chikwama cha agogo adzanyamula amayi aakulu. Abwera Loweruka kudzachitenga. Inu mukafuna kubwera ku ukwati mudzakhale kumbuyo, koma chonde musadzavine."

Sanakweze mawu, ankayang'ana pansi. Nthungululu ija inandithera pakhosi. Ndinamva kuwawa, abale anga, koma mwanayo sanalakwe. Amene anamulera ndi achemwali.

Atachoka ndinatsegula bokosi lija, limene ndinali ndisanaligwire zaka zinayi. Denga linkadontha pamwamba pake penipeni, ndipo chinyezi cha ku Mulanje kuno mukuchidziwa, chimalowa ndi m'botolo momwe. Chikwama chinali chitachita chuku, mbuu ponseponse, kwina kobiriwira, fungo ngati la chimanga chowola.

Tsono imvani nzeru za munthu woledzera. Ndinathamanga kukamwa kaye kuti mtima ukhale pansi. Nditabwerako ndinatenga beseni, madzi otentha ndi sopo wa ufa, n'kuchiviika ngati malaya a kumunda. Ndinachikwecha ndi chitsononkho. Ndipo poti kwathu kuno chilichonse chonyowa timayanika padzuwa, makaka padzuwa, nandolo padzuwa, matewera padzuwa, nacho ndinachiponya pa malata. Ndinachiiwala masiku awiri. Pochitsitsa chinali gwa, chopindika, ukachigogoda chikulira ngati chitseko. Ndinati palibe vuto, mafuta afewetsa. Ndinapempha mafuta otsala m'chiwaya cha tchipisi n'kupaka kunsi kwake. Mmawa ndinapeza nyerere zili pa msonkhano, ndipo khoswe anali atabowola ngodya iyi, apa pamene mukuona chigambapa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine sindinafunse, koma wodya anakhala khoswe.

Sekani ndithu, nanenso masiku ano ndimaseka. Loweruka lake sindinaseke.

A Malita ena mukuwadziwa, akayamba kukalipa nkhuku zimathawa pabwalo. Ndinadzikonzekeretsa kuti andinyoza mpaka madzulo. Koma anangochitenga chikwamacho, kuchitembenuza, kupisa chala pa bowo la khoswe. Anayesa chotsekera, sichinalire. Anachiika pansi pang'onopang'ono ngati akugoneka khanda.

"Rozina, amayi wawaika m'manda kachiwiri."

Basi, mawu awo anali omwewo. Anatenga ambulera yawo n'kumapita.

Ndinapita kubala chikwama chili m'khwapa. Ndinamwa, koma tsiku limenelo mowa unakana ntchito. Kapu yoyamba mawu aja ali pomwepo, yachitatu ali pomwepo. Ndinakhala pambali pa mphika wozizira ndikulira ngati pamaliro. Bambo wina amene amanyamula katundu wa alendo okwera phiri anabwera kufuna supu, anapeza palibe, anangoyang'ana chimene ndinafungatira.

"Amayi, pitani nacho ku Likhubula kwa a Sapatelo. Jombo zathu zikauma ndi madzi a m'phiri, amene amazidzutsa ndi iwowo."

Lolemba ndinapita. A Sapatelo anali nkhalamba yaifupi, magalasi omanga ndi ulusi, atakhala pansi pa mtengo wa mango, jombo za onyamula katundu zili ndandanda kutsogolo kwawo. Dzinalo anabwera nalo kuchokera ku Mozambiki, kumene wosoka nsapato amamutchula choncho. Chikwamacho anachinunkhiza asanachiyang'ane.

"Sopo wa ufa. Dzuwa. Mafuta a tchipisi." Ananunkhizanso, ulendo uno mphuno italoza kwa ine. "Ndi kachasu. Amayi inu, chikwamachi chinakulakwirani chiyani?"

Ndinawauza zonse, za amayi, za mwana, za mawu a achemwali. Ndinati sindikufuna kuchinyamula ine, ndangofuna kuti chikafike ku ukwati chili chamoyo, mwana wanga asakwatiwe agogo ake palibe chifukwa cha ine. Anachisisita ndi chala.

"Chingadzuke?" ndinafunsa.

"Chikopa ndi khungu, mayi, chinali ndi mafuta ake. Inu mwawachotsa ndi sopo, dzuwa lamalizitsa. Koma sichinathyoke, changouma. Ng'ombe yake inali yabwino." Kenako anandionetsa manja awo, zala zopindika ndi nyamakazi. "Jombo ndimatha, zimafuna mphamvu. Ichi chimafuna zala. Ine ndipereka maso ndi pakamwa, manja mubweretse ndinu."

Ndinatambasula manja anga. Ankanjenjemera ngati masamba a nthochi pamphepo. Tinawayang'ana manja anayiwo, ndipo mkulu uja anaseka mpaka kutsokomola.

"Manja anayi, abwino palibe!"

Nanenso ndinaseka, misozi ikutsika. Sindikumbukira kuti ndinali nditamaliza liti kuseka ndisanamwe.

Anatenga singano ndi ulusi n'kundipatsa. "Lowetsani." Ndinanyambita ulusi, ndinatsinzina diso limodzi, ndinayesa. Ulusi unkapita kumanzere, singano kumanja. Ndinayesa kakhumi. Iwo anangotenga chikwama n'kuchipachika panthambi, pamthunzi.

"Chigona kuno. Muzibwera mmawa uliwonse. Tsiku limene ulusi udzalowe, mudzachigwira."

Anthu ambiri anali atandiuzapo kuti ndisiye mowa. Abusa anandiuza, achemwali anandiuza, ngakhale mwini bala anandiuzapo tsiku lina. Mkulu ameneyu sanatchule n'komwe zosiya mowa. Anangondipatsa kabowo ka singano, ndipo kabowo sikamva zifukwa, sikamva kuti amuna anga anamwalira, sikamva kuti kunja kukuzizira.

Ndinakapempha malo kwa msuweni wanga amene amagulitsa nanazi kufupi ndi Likhubula. Masiku oyambawo anali oopsa, ndisakunamizeni. Thukuta, kusanza, kuona zinthu zikuyenda pakhoma. Tsiku lachitatu msuweni ananditengera kuchipatala pa njinga ya kabaza, anandipatsa mankhwala, ndipo ndikukupemphani, amene mwamwa zaka zambiri musasiye muli nokha m'nyumba, pitani akakuoneni. Nditapezako bwino ndinabwerera pansi pa mango. Mmawa uliwonse singano, mmawa uliwonse a Sapatelo akuti, "Mawa." Tsiku lachisanu ndi chinayi ulusi unalowa. Ndinaimba nthungululu mpaka onyamula katundu anathamanga, ankaganiza kuti wina wabereka mapasa.

Ndiye ntchito inayamba, ndipo apa amayi amene muli ndi zikwama m'mabokosi tcherani khutu. Choyamba tinasasa chuku ndi kabulashi kofewa, kouma, tili panja. Kenako tinasakaniza vinega pang'ono ndi madzi, kunyowetsa kansalu, kukafinya mpaka kasadonthe, n'kumapukuta mofatsa. A Sapatelo anati, "Ena chuku amaphera sipiriti, koma inu ayi, mungamwe mankhwala wodwala akuyang'ana." Nsalu ya m'kati ndinaisomola ulusi umodziumodzi n'kuichapa payokha. Mafuta a tchipisi aja tinawakoka ndi ufa woyera: kuwaza, kusiya tsiku lonse, kukutumula, kuwazanso, mpaka ufa unasiya kuda. Kenako tinachinyowetsa pang'ono kwambiri n'kupakira nsanza m'kati kuti chibwerere m'maonekedwe ake, n'kuchipachika pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa ayi, moto ayi.

Chinayera, chinawongoka, koma chinali chikadali gwa. Tsiku lina mkulu uja anandifunsa akusoka jombo.

"Paja munati geni yanu inali yotani?"

"Mang'ina."

Anaika jombo pansi, anavula magalasi. "Mang'ina? Asa! Ndiye mankhwala a chikwamachi mwakhala mukuphika nokha zaka khumi!"

Anandifotokozera kuti mafuta ofewetsa chikopa bwino kuposa onse amachokera m'miyendo ya ng'ombe. Si aja oyera oundana ayi, koma aja achikasu oyandama pamwamba pa supu, amene sagwirana ngakhale kuzizire. Abale anga, mafuta amenewo ndinkawadziwa ngati mwana wanga. Ndi amene makasitomala ankalimbirana kuti, "Amake Supu, thirani a pamwambawo!" Zaka khumi ndinkafewetsa zidakwa m'malo mofewetsa zikwama.

Tsono apa ndi pamene ndinagwanso, ndipo ndinena, chifukwa umboni wobisa zipsera suthandiza munthu. Mang'ina akanapezeka pafupi. Koma ine ndinati ayi, wogulitsa nyama wanga wa pa Chonde ndiye amandisankhira abwino. Linali bodza, mtima unkadziwa kumene ukupita. Ndinapita ndekha, masana, tsiku la msika, nditatha masabata asanu osalawa. Ndisanamalize n'kugula komwe, ndinamva, "Amake Supu abwera! Amake Supu auka kwa akufa!" Wina wandigwira dzanja, wina wandilandira jumbo, kapu ili kale m'manja. Ndinati kamodzi kokha. Ndinadzidzimuka mawa lake masana, mang'ina anga anzanga ataphika kale, atathira mchere ndi tsabola, atadya, mafupa agalu akukukuta.

Masiku awiri ndinabisala m'nyumba. Manyazi ankandiuza kuti basi, wadzionera wekha, ndiwe wa m'ngalande. Manyazi amenewo muwasamale, ndi amene amagulitsa mowa wambiri kuposa ludzu. Chimene chinandidzutsa ndi chakuti chikwama cha amayi chinali lende panthambi, ndipo panalibe manja ena oti achimalize. Tsiku lachitatu ndinakwera galimoto kubwerera ku Likhubula, ndikukonza mabodza m'njira monse.

A Sapatelo sanandifunse kanthu. Anangotambasula dzanja, singano ndi ulusi. Ndinayesa. Sunalowe.

"Mawa," anatero, n'kupitiriza jombo yawo.

Ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira kubala kuja. Nditatonthola anawonjezera kuti, "Ulendo uno mugule pafupi pano, mmawa, ndipo mupite ndi asuweni anu. Munthu wa bala la kumwendo sadutsa pa minga kuti aone ngati lapola."

Ulusi unalowanso patatha masiku anayi, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka lero sunaphonyepo.

Tinagula miyendo inayi. Ndinaiwaula, kuipala, kuitsuka, n'kuiphika tsiku lathunthu pamoto wochepa, opanda mchere, opanda anyezi, opanda tomato. Dzanja linkapita lokha kufuna tsabola, msuweni n'kulimenya. Mafuta a pamwamba ndinawayengula ndi supuni, kuwasefa pa kansalu kawiri, n'kuwasiya m'botolo pakhonde. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chomwe chija chimene chinandiphunzitsa kumwa. Mmawa mafuta oyera anali ataundana pansi, achikasu ali pamwamba, owala ngati uchi wosungunuka. Ndinawatsanulira m'kabotolo kena, ndinathamanga nawo ku mango ngati ndanyamula mwana wobadwa kumene.

Ine ndinkafuna kungothira kuti khuthu, chimwe chikhute. A Sapatelo anandigwira mkono.

"Dontho limodzi pa kansalu. Muyambe kunsi kosaoneka, chifukwa mafutawa amadetsa pang'ono. Muzungulize mopepuka. Mukatero muchipachike, mubwere mkuja."

"Mkuja? A Sapatelo, ukwati ukuyandikira!"

"Mukachimwetsa kwambiri tsiku limodzi chilefuka, chizinona, chidetsa zovala za wochinyamula. Chikopa chimamwa pang'onopang'ono. Si inu."

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinaphunzira ndili ndi imvi. Dontho, mthunzi, masiku awiri. Pakati pake ndinkathandiza kupaka jombo kuti manja asakhale chabe. Dontho lina, mthunzi, masiku awiri, kenako kuchikanda mofatsa ndi zala monga timachitira ndi mwendo wa khanda. Sabata yoyamba palibe chosintha. Yachiwiri palibe. Sabata yachinayi ndinapinda chivundikiro chake, chinapindika osalira, chinabwerera chokha. Ndinachiika patsaya. Chinali chofewa, ndipo fungo lake linali lomwe lija ndinkalimva ndili mwana, nditatsamira amayi m'tchalitchi. Ndinavina pansi pa mango ndekha, mkulu uja akuomba m'manja ndi zala zake zopindikazo.

Bowo la khoswe tinaliika chigamba chochokera ku lilime la jombo yakale imene inakwera phiri kosawerengeka. Ndinachisoka ndekha masiku atatu, kusoka, kusomola, kusokanso, mpaka mizere inayenda mofanana. Nsalu ya m'kati ndinaibwezera ndikulowetsa singano m'mabowo akale omwewo, chifukwa ukabowola atsopano chikopa chakale chimang'ambika. Ndinafuna kubisa chigambacho ndi polishi wa nsapato, a Sapatelo anakana. Anati polishi amatseka chikopa ndipo amasiya zizindikiro pa diresi, komanso chigamba chosokedwa bwino si chochititsa manyazi. Pomaliza tinapaka phula la njuchi pang'ono n'kupukuta ndi nsalu youma mpaka chinawala. Chotsekera ndinachitsuka ndi ndimu ndi phulusa, mosamala kuti zisakhudze chikopa, n'kudonthezera mafuta a makina. Ndinatseka. Tha! A Sapatelo anadumpha pampando.

Ntchito imeneyi ndi imene ikundidyetsa lero. Ndili ndi benchi yanga pa Chonde, ndinaiyang'anitsa kumsewu, bala ili kumsana. Ndimasankha zikwama zachikopa zimene a kaunjika aziponya pambali poti zauma kapena zachita chuku, ndimazidzutsa. Chikopa chenicheni mumachidziwa ndi mphuno, ndiponso m'mphepete mwake muli timaubweya, pamene zapulasitiki zimangonyezimira, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Amayi amabwera ndi zikwama za amayi awo kuchokera kutali, ena amalira pozilandira. Ndimawauza kuti musasunge m'jumbo, kulungani m'chitenje chakale, pakirani nsanza m'kati, ndipo nyengo ya mvula muzizitulutsa zipitidwe mphepo pamthunzi. Mang'ina ndimaphikabe kamodzi pachaka, mu Juni, koma supu yake amamwa ndi adzukulu. A Sapatelo akadali pansi pa mango awo, botolo loyamba la mafuta chaka chilichonse limapita kwa iwo.

Zimene zinandithandiza ine ndi zomwezo mwamvazo. Ndinachoka pamalo pamene ndinkamwera mpaka miyendo italimba. Ndinapita kuchipatala. Ndinapeza munthu woti ndizikaonekera kwa iye mmawa uliwonse, ndi ntchito yoti manja azigwira. Ndipo nditagwa ndinabwerera, ngakhale nkhope inali yolemera.

Koma mukudikira za ukwati, ndikuona amayi apo akundikodola.

Mmawa wa tsikulo ndinafika kwa achemwali kuno ku Thuchila, chikwama nditachikulunga m'chitenje. Maganizo anga anali oti ndipereke, ndikakhale kumbuyo monga anandiuzira, ndipo mtima wanga unali utavomera. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akukalipira ophika. Ndinagwada n'kuika mtolowo pamapazi awo.

"N'chiyaninso chimenechi, Rozina? Lero sindikufuna zondisokoneza."

Anamasula. Anachinyamula, anachisisita, anachinunkhiza. Anatsegula n'kutseka. Tha!

"Mayo, amayi!" anakuwa, n'kukhala pansi padothi ndi zovala za ukwati. Analira, ophika onse anasiya miphika. Kenako anapukuta maso n'kundikodola. "Tayandikira. Tapumira kuno."

Ndinawapumira kumaso, pamaso pa anthu onsewo.

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi iwiri ndi masabata awiri, achemwali. Ndinayamba kale, koma ndinagwapo kamodzi."

A Malita anati, "Nkhaniyi si yanga. Itanani mwini ukwati."

Tiyamike anatuluka atavala kale diresi, chophimba kumutu chili m'manja. Anaona ine, anaona chikwama. Sanafunse za mowa. Paja ndi telala, maso ake anathamangira pa chigamba. Anachiyandikitsa kumaso, anayendetsa chikhadabo pa ulusi, mzere woyamba, mzere wachiwiri. Anatsegula n'kuona mmene nsalu ya m'kati inabwerera m'mabowo ake akale.

"Wasoka apa ndani?"

"Ndine, mwanawe."

"Ndi manja anu?"

"Anga omwewa."

Anapatsira chikwama achemwali, anatenga manja anga onse awiri n'kuwaika pa zikhatho zake. Anawagwira choncho, akudikira. Manja anga anakhala phee. Kenako anatembenukira kwa achemwali.

"Amayi aakulu, mundikhululukire."

A Malita anali ataimirira kale. "Ndikukhululukire chiyani? Ine ndanyamula kawiri, mkono unatopa." Anachipereka kwa Tiyamike, ndipo mwana wanga, yemwe uja ndinati andichepetsere phokoso, anachikoleka yekha pamkono pangapa.

Chimene chinatuluka pakamwa panga ndi chopusa, ndinati, "Nanga zovina zija?"

Anaseka misozi ili m'maso. "Muvine, amayi. Koma chikwama cha agogo musagwetse."

Abale anga, ndinavina! Ndinavina kutsogolo, osati kumbuyo, kuyambira kutchalitchi mpaka dzuwa kupendeka, chikwama chili pamkono, m'mimba muli thobwa lokha. A Malita anavina pambali panga akundikalipira kuti ndikuwaponda. Chikwama sichinagwe, nanenso sindinagwe.

Tsopano chiyendetseni, aliyense achigwire, koma amene mwadya zitumbuwa pukutani kaye m'manja. Muone chigambacho, sindinachibise. Mukatsegula mupeza kansalu, m'kansalumo muli singano ndi ulusi, ndimayenda nazo kulikonse. Achimwene a chipewa, yambani ndinu, ndakuonani manja mwawabisa pakati pa mawondo chiyambireni. Tulutsani, yesani. Ukakana kulowa lero, palibe wokusekani muno. Benchi yanga pa Chonde mukuidziwa, ndimatsegula mmawa. Mawa.